Ziro Yachinayi ya Pachikwangwani

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Chitetezo cha Antchito,
Kampani ya Nsomba za m'Zitini ya Dagat Bulawan,
Kulikulu, Manila.

Bwana wolemekezeka kwambiri,

Ndi ulemu wonse umene munthu wa udindo wanga angaukwanitse, ndikulengeza kwa inu, kwa akuluakulu onse a kampani, ndi kwa aliyense amene awerenge nyuzipepala ino asanakulungiremo nsomba zouma, kuti m'bokosi la manambala la ku fakitale yathu ya ku General Santos muli maziro atatu okha. Ndawerenga kawiri. Ndakhuthulira bokosilo pansi, ndasuzumira kuseri kwa kabati, ndafunsa ndi alonda omwe. Nambala ina iliyonse, kuyambira 1 mpaka 9, ilimo kanayi. Ziro yokha ndiyo inachoka ku Manila yoperewera.

Ndikudziwa kuti simukundikumbukira, ndipo sindikudandaula. Pa chithunzi chija chili pakhoma la ofesi yanu, chimene inu mwanyamulapo chikho, yang'anani kumanzere kwenikweni, pamene felemu yadya munthu. Khutu latsalalo ndi langa. Ndine Crisanto Dumalagan, wachiwiri kwa woyang'anira chitetezo pa fakitale. Ndinakhala zaka zisanu ku yunivesite kuphunzira za makina ndi za thupi la munthu wogwira ntchito pa makinawo, ndipo bambo anga anagulitsa njati yawo yolimira kuti ndimalize. Maphunziro onsewo ndimawagwiritsa ntchito m'mawa uliwonse, kota tu sikisi, pokwera pa kampando pa geti n'kusintha nambala pa chikwangwani cholembedwa kuti MASIKU OPANDA NGOZI. Chili ndi misomali inayi, ndipo kabuku kanu ka malamulo, pa tsamba 14, kakuti msomali usapezeke wopanda nambala. Tinayamba ndi 0001. Lero ndapachika 1063.

Mufunsa kuti ziro yachinayi ndi yantchito yanji kwa anthu amene sachita ngozi. Ndifikapo, Bwana. Koma amayi anandilera kuti ndisamapemphe ndisanathokoze, ndiye ndiloleni ndiyambe ndathokoza.

1. Zikomo potiphunzitsa tanthauzo la ngozi.

Ku yunivesite anatinamiza kuti ngozi ndi pamene munthu wavulala. Inu munatiwongolera. Ngozi ndi pamene munthu wavulala, wavulalira mkati mwa mpanda, nkhani yake yalembedwa pa fomu yachikasu, ndipo mawa lake sanabwere kuntchito. Pakasowa chimodzi mwa zinayizi, chachitikacho si ngozi, ndi zina basi. Chiphunzitso chimenechi chachiritsa anthu ambiri kuposa mankhwala onse a m'tawuni muno. Tengani Manong Isko, mkulu wathu wokankha ngolo za ayezi. Tsiku la 0412 anaterereka pa madzi a nsomba, nagwera dzanja, fupa n'kuthyoka. Anzake anamunyamula ndi chikondi chosaneneka, kudutsa naye pakhomo pa kachipatala kathu, kudutsa pansi pa chikwangwani changa, mpaka kukamukhazika mumsewu, mapazi awiri kunja kwa geti. Atamukhazika bwinobwino m'pamene anayamba kukuwa kuti, "Mayo ine, Manong agwa! Imitsani njinga!" Mwini wakeyo, thukuta lili kamukamu, anangoti, "Zitsiru inu, bwanji osandigwetsera pamthunzi?" Dzanjalo linalumikizana mokhota, moti akamaloza kuphiri anthu amayang'ana kunyanja. Koma ngozi sinachitike, ndipo m'mawa mwake ndinapachika 0413.

2. Zikomo chifukwa cha kachipatala.

Muli mphepo yozizira bwino, muli namwino waulemu, muli mapulasitala a buluu oti akagwera m'chitini aoneke msanga, poti chitini sichiyenera kudwala. Mulinso buku lolembamo ovulala, loyera kuposa mkanjo wa wansembe. Ogula nsomba ochokera kunja akabwera kudzayendera amalitsegula n'kumagwedeza mitu ndi chidwi. Palibe amene amawauza kuti antchito ambiri mumawalemba ntchito ya miyezi isanuisanu, ndipo miyeziyo ikatha, mayina amene aoneka m'bukulo amaiwalika pa mndandanda wa oitanidwanso. Choncho munthu akadzicheka amathamangira kuchimbudzi, osati kwa namwino. Chipatala chenicheni chili kumeneko: guluu womatira nsapato, tepi ya amagetsi, ndi magolovesi awiri pa dzanja limodzi. Namwinoyo nayenso ndi wa miyezi isanu. Amaluka zipewa za ana, ndipo akuluka bwino masiku ano.

3. Zikomo chifukwa cha mfuwu wa m'mawa.

Tisanayambe ntchito timaima m'mizere pabwalo, timapemphera, kenaka timakweza manja onse awiri n'kufuula mawu amene munatilembera: "Zala khumi polowa, zala khumi potuluka!" Amene amatsogolera ndine. Ndikuyamikira kuti simunalamule kuti ndiziwerenga zalazo.

4. Zikomo chifukwa cha ntchito yopepuka.

Amene bala lake lakana kubisika timamutumizira galimoto kunyumba, ulemu umene sitichitira munthu wabwinobwino, kuti adzakhale pakona ya kantini n'kumapinda makatoni ndi dzanja lotsalalo. Malinga wasainira kuti wabwera, tsiku silinatayike. Antchito konayo anaipatsa dzina loti Kuwodi, ndipo watsopano akafika amamulandira kuti, "Takulandirani abwana, bedi mulibe koma makatoni alipo." Sindikhulupirira kuti m'dziko muno muli fakitale ina imene munthu amasokedwa Lachiwiri n'kuchira Lachitatu sikisi koloko isanakwane. A ku sukulu ya udokotala akanabwera kudzaphunzira.

5. Zikomo koposa chifukwa cha nkhumba.

Titafika pa 0900 munatilembera kuti tsiku la 1000 likakwana popanda ngozi padzakhala nkhumba khumi ndi ziwiri zootcha zathunthu, lechon yeniyeni, thumba la mpunga kwa wantchito aliyense, ndi malaya osindikiza. Bwana, amene anakupatsani nzeru imeneyi mumukweze. Simunafunikenso kugula magolovesi okhuthala aja ndakhala ndikupempha m'malipoti asanu ndi awiri. Anthu mazana asanu ndi atatu anayamba kulonderana okha. Wina akangoti "Mayo!" mzere wonse unkatembenuka, osati kuti umve ngati wapweteka, koma kuti uone nkhope ya amene akufuna kuwalanda mpunga. Inu ndinu mwana wa dziko lomwe lino. Mukudziwa kuti kwathu kuno munthu amalolera kukomoka chiimire kusiyana n'kutchedwa amene anaonongera anzake phwando.

Pano ndiloleni nditchule mkazi wanga, Perlita, amene aliyense amamutcha Perling. Wagwira ntchito pa tebulo lotumbulira nsomba zaka zisanu ndi zinayi, zonsezo za miyezi isanuisanu. Manja ake anali odziwika. Nsomba ya tuna yolemera ngati mwana wa sukulu ankaimaliza anzake akunolabe mipeni. Lamlungu tikachoka ku Misa ankandikhazika pakhomo, mutu wanga pa mawondo ake, n'kumandizula imvi imodziimodzi ndi zala ziwiri zokha, uku akundinena ndi dzina lachikondi loitanira mwamuna kwathu kuno: "Dong, digiri yakoyi ikumera m'mutu ngati udzu." N'chifukwa chake khutu la pachithunzi chanu lija lazunguliridwa ndi tsitsi lakuda bii.

Tsiku la 0989, munga wa pachipsepse cha nsomba unaboola golovesi n'kumulowa m'chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Kabala kake kanali kochepa kuposa njere ya mpunga. Anayamwa chalacho, naonetsa Manang Cording, kapitawo wa mzere wawo, mayi wabwino amene anatigwirira mwana pa ubatizo. Manang, pomuitana ndi dzina lachikondi loitanira mkazi, anati, "Iwe Day, kamunga komweka? Ine ana asanu ndi mmodzi ndinabereka, fomu yachikasu sindinadzazepo. Ukufuna ana athu adzadye chithunzi cha nkhumba?" Onse anaseka, nayenso Perling anaseka. Anamata guluu, navala golovesi yachiwiri, dzanja n'kulibwezera m'mimba mwa nsomba.

Patapita masiku awiri chala chinatupa ngati soseji, osathekanso kuwongoka, ndipo mzere wofiira unayamba kukwera kulowera m'chikhato. Anafunsa munthu wina wophunzira ngati apite kwa dokotala. Munthuyo anamuuza kuti apirire, kwangotsala masiku asanu ndi anayi, namuwiritsira masamba a gwafa oti azinyikamo dzanja. Anapirira, Bwana. Masiku anayi omaliza anawathera Kuwodi, akupinda makatoni ndi dzanja lamanzere, thupi likutentha ngati lata la padzuwa. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Ngati muli ndi chikho china chotsala, mwini wake ndi ameneyo.

6. Zikomo chifukwa cha phwando.

Linakoma. Munatsika ndege, munalankhula mphindi makumi anayi za banja limodzi la Dagat Bulawan, munathyola chikopa cha nkhumba yoyamba, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinaona ndekha kuti ena ankawomba pantchafu, poti dzanja linalo linali m'thumba. Mkazi wanga munamupatsa moni wa padzanja. Mwina mukukumbukira mayi wina amene anakupatsani lamanzere, inu n'kuseka kuti, "Amanzere amakhala ochenjera awa!" Malaya aja anamukwana bwino. Ndi omwewo anavala popita ku chipatala chachikulu m'mawa mwake, tsiku la 1001, ine nditangotsika pa kampando.

Dokotala, mtsikana wocheperapo kwa ine, anamasula nsanza imene tinakulungira dzanjalo, naliyang'ana. Kenaka anati, "Mayi, izi zikanabwera tsiku loyamba, ndikanakutsukani, kukupatsani mapilisi, basi. Anakuuzani kuti mudikire ndani?" Perling anayang'ana pawindo. Anamuchita opaleshoni kawiri. Mafinya anali atadya mtsempha wa chalacho, ndipo anachichotsa chonse. Chapakati ndi chotsatira chake zinapulumuka, koma zinauma chopindika, ngati dzanja logwira chinthu chimene wina walanda kale. Kamunga kaja anakapeza, natipatsa m'kabotolo. Kali pa shelefu, pafupi ndi kachifanizo ka Santo Niño, Mwana Yesu, ngati mungadzafune kukaona.

7. Zikomo chifukwa cha kalata ya ofesi yanu.

Inafika msanga, pa pepala lokongola. Ikuti poti nkhaniyi sinalembedwe pasanathe masiku asanu, ndipo poti buku la kachipatala silikumudziwa Perlita Dumalagan, kampani ikuganiza kuti anavulalira kunyumba, mwina pokonza ndiwo. Ndathokoza potiganizira zabwino chotere. Nsomba zimene timadya kwathu, Bwana, ndi touma tating'ono. Tikanapeza imodzi yokhala ndi munga ngati umenewu tikanaitana atolankhani. Kalatayo ikumufunira kuchira msanga, ndipo ikumukumbutsa mwachikondi kuti miyezi yake isanu inatha ali m'chipatala.

Za kuchirako ndiloleni ndikufotokozereni, poti pa malipoti anu pali kabokosi kamodzi kokha, kakuti "wachira", ndipo wochonga wake ndine. Bala linapola. Ulusi anachotsa. Malinga ndi kabokosi kanuko, wachira. Koma mpeni sangagwire, mabatani a yunifolomu ya mwana wathu sangamange, chovala sangafinye. Mpunga umene wakhala akudya ndi dzanja chibadwire, tsopano amauthamangitsa m'mbale ndi supuni ya kumanzere ngati mlendo. Ndi thumba lanu lija tikudyali. Mpunga wabwino ndithu. Chala chimene kulibecho chimamuyabwa, ndipo amakanda m'malere. Ku tchalitchi amachita chizindikiro cha mtanda mothamanga, dzanja n'kulibweza pansi pa mpango. Anzake a pa tebulo akakumana naye kumsika amamupatsa moni akuyang'ana tomato. Manang Cording amabwera Loweruka lililonse ndi nthochi, amakhala naye pakhomo, pochoka n'kumakalirira mumsewu. Amenewonso muwalembe pa ochira anu.

Dokotala akuti zala ziwiri zouma zija zikhoza kuyambanso kugwira ngati ayamba mafizo, kawiri pa sabata, isanathe miyezi itatu chichitireni opaleshoni. Ikapitirira pamenepo, zidzakhala momwemo mpaka kumanda. Miyezi iwiri yapita. Akumafizo amalandira msanga wovulalira pantchito akabwera ndi fomu yachikasu yosainidwa ndi kampani. Wopanda fomuyo amamulemba pa mzere wa anthu wamba, umene panopa wafika chaka chamawa. Fomu ya Perling ndinaidzaza ndekha, mochedwa, koma ndi zilembo zooneka bwino. Ili pa tebulo lanu kuyambira tsiku la 1012. Ndaimba foni kasanu n'kamodzi. Mlembi wanu, mayi wa mawu okoma, amati muli ku misonkhano, mukuphunzitsa makampani ena mmene tinafikira pa 1000. Muwauzenso za guluu. Ndi wotchipa, ndipo amagwira.

Vuto lanu ndikulimvetsa, Bwana. Mukasaina fomuyo, ndiye kuti tsiku la 0989 kunachitika ngozi. Ndiye kuti nkhumba khumi ndi ziwiri zija zinafa chabe, chithunzi chija chiyenera kutsika pakhoma pamodzi ndi khutu langa, ndipo ine ndiyenera kukwera pa kampando n'kupachika 0000. Ndakhala ndikusinkhasinkha chimene chingaletse munthu wachifundo ngati inu kusaina kapepala kamodzi kwa masiku makumi asanu, ndipo yankho lokuyenerani ndapeza limodzi lokha: mukudziwa kuti maziro alipo atatu, ndipo simukufuna kuti ndiphwanye lamulo la pa tsamba 14.

Choncho pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri, poti ine ndikadali nawo. Titumizireni ziro imodzi, yapulasitiki, yofiira ngati zinzake, yaikulu ngati chikhato. Muiike mu envelopu imodzi ndi fomu yachikasu ija, mutasaina pamene ndaika kamtanda ka pensulo. Chikho musabweze, nkhumba tinadya kale, palibe adzazifunse. Ngati kulikulu kulibe ziro yapadera, musavutike: ndadula kale ina pa katoni ya zitini zathu, ndaipaka utoto, ikuuma pawindo. Lolemba likudzali, kota tu sikisi, ndidzaipachika, envelopu ibwere kaya isabwere. Ndikudziwa zimene zimachitikira mayina ooneka pamene sayenera kuoneka, ndiye kampandoko ndidzakasiya kwa alonda, kuti wolowa m'malo mwanga asadzavutike kukafunafuna. Koma ziro yanga ya katoni singatsegule chitseko cha kumafizo. Imeneyo ndi ntchito ya dzanja lanu, limene, ndinaliona pa phwando paja, lili ndi zala zonse zisanu.

Wanu wamng'ono kwambiri, mwini khutu la kumanzere kwa chithunzi,

Crisanto Dumalagan,
Wachiwiri kwa Woyang'anira Chitetezo, mpaka Lolemba.

Zoonjezera: Munthu wophunzira uja, amene anati apirire, ndine. Mzere wofiirawo ndinauona, ndipo ndinkadziwa chimene unali. Ndinakhoza mayeso ake. Anandionetsa dzanjalo pakhomo n'kunena kuti, "Dong, unaphunzira ndiwe. Ndipite?" Ine ndinaganiza za anthu mazana asanu ndi atatu akundiyang'ana ndili pa kampando, ndikutsitsa manambala chifukwa cha mkazi wanga, ndipo ndinati, "Naini okha, Day." Masamba a gwafa ndinathyola ndine. Dokotala atafunsa funso lija, Perling anayang'ana pawindo kuti asayang'ane ine, ndipo mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyo. Lamlungu lapitali anandikhazika pakhomo monga kale, mutu pa mawondo ake, nayesa ndi dzanja lamanzere. Imvi inkangomupulumuka. Atayesa kangapo anangolisiya dzanjalo pamutu panga, nati, "Zisiye, Dong, zikukukhala." Miyezi iwiri yokha, Bwana, mutu wanga wayera mbuu. Imvizo zinalipo kale. Kungoti panali wozizula.